Mizere Yosachita Kanthu

Ku Kazanlak aliyense wotcheza mafuta a maluwa a rozi ankawadziwa a Trifon Balabanov, ngakhale kuti iwo sanathyolepo duwa ndi limodzi lomwe. Maluwawo ankawadwalitsa. Meyi akangofika, minda n'kuyamba kununkhira, maso awo ankafiira, mphuno n'kumachucha, ndipo ankayenda ndi mipango iwiri m'thumba. Anali munthu wamtali, wowerama pang'ono ngati wozolowera zitseko zazifupi. Ankakhala ndi akazi awo, a Donka, m'nyumba yosanja ya kuseri kwa siteshoni ya sitima, ndipo akakumana ndi munthu pamasitepe ankapereka moni akuyang'ana nsapato zake.

Bambo awo ankakonza magetsi a njanji, ndiye mwanayo anakula akuseweretsa mawaya. Anaphunzira za makompyuta nthawi ya boma lakale, n'kulembedwa ntchito pafakitale yaikulu ya m'tauni. Boma litasintha, fakitaleyo n'kuyamba kuchotsa anthu, a Trifon ndi anzawo awiri anachita lendi chipinda pamwamba pa shopu ya matayala, n'kuyamba kupanga timabokosi toyendetsa miphika yotchezera.

Ntchito ya kabokosiko inali yosavuta kuifotokoza. Maluwa amathiridwa m'miphika ikuluikulu yamkuwa pamodzi ndi madzi, ndipo nthunzi imalowa pansi pang'onopang'ono. Ukaifulumiza, thovu limakwera n'kulowa m'mipope, mafuta onse n'kuwonongeka. Kale pamphika uliwonse pankaima munthu, dzanja lili pa chotsekera nthunzi. Kabokosi ka a Trifon kankafunsa kachipangizo koyezera kutentha kuti mumphika muli bwanji, kenako n'kutsegula kapena kutseka nthunzi kokha.

Mwa anzawo awiri aja, mmodzi anali mwini kampani, amene ankayenda kukafuna makasitomala. Winayo anali a Nevena Kolarova, mayi wamfupi wa mawu okuluwika ngati a mwamuna, amene ankasuta fodya pawindo ngakhale kunja kukugwa chipale chofewa. Pulogalamu ya m'kabokosimo analemba awiri. A Trifon analemba mbali ya mabatani ndi manambala oonekera pagalasi. A Nevena analemba mbali yoyankhula ndi mphika, chifukwa ndiwo ankapita kumafakitale nyengo ya maluwa, a Trifon ali muofesi mawindo otseka.

Ankakhala mofulatirana, mipando yawo ikugundana.

"A Nevena, apa mwalemba chiyani? Kapena nkhuku inapalasa?"

"Magalasi ali pamphumipo, madala. Atsitseni muone."

Anthu ena olemba mapulogalamu amaika timawu tofotokoza pambali pa mizere, kuti wobwera pambuyo adziwe chifukwa chake. Awiriwa sankatero. Ankati zimenezo n'za anthu osayankhulana. Ukafuna kudziwa kanthu, unkangotembenuza mpando n'kufunsa. Anagwira ntchito motero kuyambira tsitsi lili bii mpaka litachita imvi.

Tsono pulogalamu munthu amailemba m'mawu ndi zizindikiro zimene iye angathe kuwerenga, koma kabokosi sikamva zimenezo. Pakati pamafunika pulogalamu ina, yotchedwa kompaila, imene imatembenuza zolemba za munthu kuti makina azimve. Kompaila yawo inali yakale kwambiri, ndipo inkagwira ntchito pa kompyuta imodzi yokha, yachikasu ndi ukalamba, imene inkakhala pakona itafunditsidwa nsalu yopeta ya a Donka. Opanga kompaila ankatulutsa yatsopano zaka zingapo zilizonse, koma a Trifon sankafuna kumva.

"Chinthu chikuyenda, musachigwire," ankatero.

"Chidzaima tsiku limene sitikufuna," ankayankha a Nevena. "Tiyeni tisamuke tikadali awiri. Yatsopanoyo idzadandaula zambiri, koma ine ndidzayankha za mbali yanga, inu za mbali yanu."

"Maluwa akatha."

Maluwa ankatha, n'kubwera mphesa. Mphesa zikatha ankati Khirisimasi idutse kaye. Chaka n'chaka zinali choncho.

Mwini kampani atamwalira, mwana wake Kamen ndiye anatenga mpando. Anali mnyamata waulemu, amene anakula akudya masiwiti a m'madirowa a awiriwa, ndipo ankawaitana kuti amalume ndi azakhali. Chaka chomwecho a Nevena anaferedwa amuna awo. Atabwerera kuntchito, anali atachepa thupi, ndipo ankachedwa kuweruka chifukwa kunyumba kunali zii. Nkhani ya kompaila anaiyambanso ndi mphamvu, mwina pofuna ntchito yaikulu yoti iwadye nthawi. Tsiku lina pamsonkhano wa Lolemba, pali Kamen ndi anyamata awiri olumikiza mawaya, anafotokoza zonse mwadongosolo, n'kupempha miyezi iwiri yokha ya nyengo yachisanu.

Kamen anayang'ana a Trifon. "Amalume, mukuti bwanji?"

A Trifon sankadziwa kukana mwaulemu. Akapanikizika ankathawira ku nthabwala, ndipo nthabwala zawo ndi a Nevena zinali zobaya kuyambira kale.

"Apezereni mphaka mayiwa," anatero. "Kunyumba kulibenso wowaphikira, ndiye akufuna atiphike ife."

Anyamata aja anaseka, kenako anasiya msanga. A Nevena anasonkhanitsa mapepala awo, n'kupita pawindo, koma fodya sanayatse. A Trifon anamva mawu awo omwe akubwerera m'makutu, ndipo anadziwa pomwepo kuti alakwa. Anaganiza zopepesa masana, kenako anati mawa. Mawa lake a Nevena anawapatsa moni monga mwa masiku onse, ndiye a Trifon anadziuza kuti nkhaniyo yatha. Koma mpando wa kumbuyo kwawo unasiya kutembenuka. Chaka chisanathe a Nevena anapuma pantchito. Patsiku lotsazikana anagwirana chanza ngati anthu okumana kubanki.

Panapita zaka zingapo kompyuta yachikasu ija ikugwirabe ntchito, ndipo a Trifon ankaoneka ngati analondola. Kenako, chisanu china, Kamen anakwera masitepe nkhope ili yolemera. Mkati mwa kabokosi kalikonse mumakhala kachitsulo kakang'ono kamene kali ngati ubongo wake, ndipo fakitale ya kunja imene inkapanga tizitsuloto inali italeka mtundu wakale. Mtundu watsopano unalipo, wofanana nawo ndithu, koma kompaila yakale sinkaudziwa.

"Amalume, ndinene mosabisa," anatero Kamen. "Pulogalamu yanu ikawoloka kupita pa kompaila yatsopano maluwa asanayambe, tipitiriza. Ikakanika, ndiyamba kuitanitsa mabokosi opangidwa kale kunja, ife tizingowamangirira. Sindingasunge anthu popanda chogulitsa."

"Iwoloka."

"Nanga azakhali a Nevena? Ndiwaimbire foni?"

"Ayi, asiye apume. Ndithana nazo."

Panali chinanso. Mlongo wawo wa a Donka, a Penko, anali atangomanga nyumba yatsopano yotchezera kumudzi kwawo, ya miphika inayi, ndipo anali atanena kale kuti mabokosi agula kwa alamu awo, osati kwa alendo.

A Trifon anayamba. Tsiku loyamba kupatsa kompaila yatsopano pulogalamu yawo, inakana kuitembenuza. Inalavula madandaulo odzaza galasi lonse, ofiira ndi achikasu. Ofiira anali zolakwika zenizeni: zinthu zimene yakale inkalola mwachibale, yatsopanoyo sinkazilola. Amenewo anawakonza mmodzimmodzi, ndipo pofika kumapeto kwa Febuluwale anatha. Achikasu anali machenjezo chabe. Kompaila inkatembenuza ndithu, koma ikung'ung'udza kuti apa sindikukhulupirira, apa onaninso. Machenjezo a mbali yawo anawamvetsa onse. A mbali ya a Nevena ambiri anawamvetsanso, kupatula limodzi.

Panali mizere yochepa imene inkauza kabokosi kuti, kakafunsa kachipangizo koyezera kutentha, kawerenge kaye manambala kuyambira wani mpaka kutali ndithu, osachita nawo kanthu, kenako ndiye kamve yankho. A Trifon anaona kuti kumeneko n'kudikira. Kompaila yakale inkamvera ngati kapolo: ukati werenga, inkawerenga. Yatsopanoyo inali yochenjera. Inanena kuti mizere iyi siichita kanthu, ndipo inkaidumpha kuti pulogalamu ithamange. Funso linali limodzi: a Nevena ankadikira chiyani?

"Kawafunseni," anatero a Donka akuwaikira supu ya nyemba. "Amakhala kuseri kwa msika, si ku Amereka."

"Ndipita."

"Mupita liti? Maluwa akatha?"

A Trifon anaika supuni pansi. A Donka sanabwerezenso mawuwo, koma sanawabwezenso.

Tsiku loyamba la Malichi linafika, limene anthu amamangana tiulusi tofiira ndi toyera pamkono kufunirana moyo, n'kudzativula akaona dokowe woyamba. Zaka zonse zija a Trifon ankagulira a Nevena kaulusi kotere, n'kukaika pa kiyibodi yawo m'mawa osanena kanthu. Atapuma pantchito analeka. Chaka chimenechi anagulanso pa tebulo la mayi wina pamsika, n'kuganiza kuti chifukwa chopitira chapezeka. Anayenda mpaka mumsewu wa a Nevena. Anawaona patali, ali pakhonde la m'mwamba atavala juzi yakuda, akukutumula kapeti. Anaima. M'mutu mwawo anayesa mawu oyambira, ndipo onse ankamveka mofanana: ndabwera chifukwa ndasowa pogwira. Zaka zonsezi osagogoda, lero n'kubwera ndi kaulusi m'dzanja limodzi, funso m'dzanja lina. Analowa m'kanyumba kogulitsa banitsa, mkate wa tchizi, pafupi pomwepo, n'kugula chidutswa, n'kuchidya chilili. Potuluka anakhota njira ya kuofesi. Kaulusi kanatsala m'thumba la jekete.

Masana omwewo anaganiza zoyesa okha. Muofesi munalibe mphika, ndiye poyesa mabokosi ankalumikiza kachitsulo kopotokola ndi dzanja, konamizira kutentha, pa kawaya kafupi ngati chala. Anayesa ndi kudikira kuja, kabokosi kanayenda bwino. Anayesa popanda kudikira, kanayendanso bwino. Anapotokola uku ndi uku mlungu wathunthu, osaona cholakwika. Ndiye anadziuza kuti a Nevena ankadikira chifukwa tizitsulo takale tinali taulesi, ndipo tatsopanoti sitifuna zimenezo. Yankholo linali lomveka, ndipo linawapulumutsa ku ulendo wa kuseri kwa msika. Panali malo pamene munthu angauze kompaila kuti chenjezo ili usandionetsenso. Anadina pamenepo. Galasi linayera.

"Yawoloka," anauza Kamen.

Kamen anawakumbatira, n'kutulutsa kabotolo ka mowa wa maula m'kabati ya malemu bambo ake.

Mabokosi anamangiriridwa kwa a Penko mu Epulo. Anawayatsa miphika ili yozizira, manambala n'kuoneka abwino. A Penko anafuna kuyesa ndi nthunzi, koma boyila yatsopano yopangira nthunziyo inachedwa kufika, ndipo itafika maluwa anali atayamba kale kutsegula. Maluwa a rozi sadikira. Othyola amalowa m'minda mame asanaume, ndipo zimene athyola m'mawa ziyenera kulowa mumphika tsiku lomwelo. Masiku oyamba a Penko anatumiza maluwa awo ochepa kwa mnansi. Tsiku limene minda yonse inatsegula pamodzi, ndi limene anayatsa nyumba yatsopano.

A Trifon anapita, koyamba m'moyo wawo, mpango uli pamphuno. Matumba anali mbwee pabwalo, amayi othyola atakhala pamthunzi akumasula nsapato zonyowa.

"Alamu, mwabwera kudzalira maliro a ndani?" anaseka a Penko ataona maso ofiirawo. "Khalani apo, muone ana anu akugwira ntchito."

Anadzaza miphika yonse inayi, n'kutseka zivundikiro. A Penko anatuluka kukalandira lole ina. A Trifon anatsala akuyang'ana manambala pagalasi, ndipo anaona kuti akukwera mwaulesi. Anaganiza kuti miphika yatsopano imatero. Sankadziwa mmene mphika umamvekera ukamatentha bwino, chifukwa anali asanaimepo pafupi nawo. Mabokosi anali pakhoma, miphika ili kutsidya la nyumbayo, ndipo mawaya ankayenda mtunda wautali kudutsa kudenga. Pawaya wautali chotero yankho limatenga kamphindi kuti likhazikike. Kabokosi kankafunsa n'kumva nthawi yomweyo, yankho lisanafike lonse, ndiye kankamva kuti mumphika mukuzizirabe. Kanatsegula nthunzi, n'kutseguliranso.

Amene anazindikira anali a Penko, ali panja, ndi khutu. Analowa akuthamanga n'kuyamba kutseka nthunzi ndi manja, mphika ndi mphika, koma thovu labulauni linali litakwera kale m'mipope, likutuluka kumene kumayenera kudontha madzi oyera. Fungo lake silinali la maluwa. Linali ngati la masamba ophikidwa n'kuiwalika pamoto.

Palibe anapsa. Koma maluwa a m'mawa wabwino koposa m'chaka chimenecho anatayidwa kuseri ndi mafosholo, ndipo mipope inafunika kumasula ndi kutsuka, matumba ena akufota pabwalo. Amayi othyola anaimirira n'kumayang'ana mulu wa zinyalalawo. A Trifon anayesa kufotokoza kuti muofesi zinkayenda, koma kuyetsemula kunawadula pakati.

A Penko anapukuta manja pa thalauza. "Alamu, pitani kunyumba," anatero motsitsa mawu. "Maluwa akukupwetekani."

Nyengo yonseyo a Penko anaika munthu pamphika uliwonse, monga ankachitira makolo awo. A Trifon anapeza cholakwikacho tsiku lotsatira, ndipo kuchikonza kunali ntchito ya theka la tsiku. Koma m'chigwa cha Kazanlak nkhani imayenda msanga kuposa lole. Panalibenso wofuna kuyesa bokosi lawo pa maluwa ake. Kamen anawaitana, ndipo sanakweze mawu.

"Amalume, ndinakufunsani za azakhali."

"Unandifunsa."

"Ndaitanitsa a kunja aja. Inu mukafuna kukhala, malo alipo, muziyankha mafoni a makasitomala akale."

A Trifon anathokoza, n'kunena kuti zaka zopumira zinakwana kale. Anapempha chinthu chimodzi chokha, kompyuta yachikasu ija, ndipo anainyamula okha kutsika nayo masitepe.

Kwa a Nevena anapita mu Juni, maluwa atatha. Tsopano analibe chopempha, ndiye kugogoda kunali kopepuka. A Nevena anatsegula, n'kuwayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Jekete lomwe lija," anatero. "Lowani, madala, musanagwe."

Anaphika khofi m'kapoto kakang'ono. Pampando wa pawindo panagona mphaka wotuwa. A Trifon anamuona, n'kuyang'ana kumbali.

"Inde, ndinamupeza," anatero a Nevena. "Malangizo anu sanapite pachabe."

"Ndinalankhula zopusa tsiku lija."

"Munalankhula zopusa masiku ambiri. Tsiku lija zinangondipeza ndilibe khungu." Anathira khofi. "Za kwa a Penko ndinamva. Ndi kudikira kuja, eti?"

"Munadziwa bwanji?"

"Ndingalephere? Nambala imene ija ndinaipeza ndili m'nthunzi kwa masiku atatu, tsitsi lili nyowe, ku fakitale ija ya mawaya aatali. Nditabwerako ndinatembenuza mpando n'kukuuzani. Munali mukudya banitsa. Munati chabwino."

A Trifon anafufuza m'mutu mwawo, osapeza tsikulo. Anapeza masiku ambirimbiri ofanana, mawu okuluwika akuchokera kumbuyo, iwo akuti chabwino maso ali pagalasi.

"Ndinafika mumsewu uno mu Malichi," anatero.

"Ndinakuonani. Munthu wamtali ngati inu sabisala kuseri kwa banitsa. Ndinasiya kapeti, n'kukatereka khofi. Ndinkaganiza kuti mukugula chobwera nacho."

Mphaka anadzuka, n'kudziwongola, n'kugonanso.

"Ndikanakwera tsiku lija," anafunsa a Trifon, "mukanandiuza?"

"Ndikanakutukwanani kaye. Kenako ndikanakuuzani khofi asanazizire. Inali yanganso pulogalamu ija, a Trifon. Theka la moyo wanga lili mmenemo. Munkaganiza kuti ndingaisiye iwonongeke chifukwa cha pakamwa panu?"

A Trifon anapisa m'thumba kufuna mpango, dzanja n'kukumana ndi kaulusi kaja, katapindika ndi kuda. Anakatulutsa n'kukaika patebulo pafupi ndi kapu, monga ankachitira pa kiyibodi. A Nevena anakatola, n'kukatembenuza.

"Adokowe anabwera kalekale," anatero. "Ana awo ayamba kale kuuluka." Sanakamange pamkono. Anakaika m'mbale ya mabatani pashelefu.

Chakumapeto kwa chaka chimenecho a Nevena anasamukira kwa mwana wawo wamkazi ku Varna, pamodzi ndi mphaka. A Penko sanasunge mkwiyo nthawi yaitali, koma pa maphwando a banja nkhani ya maluwa ikayamba, wina amaisintha msanga, ndipo a Trifon amazindikira. Kompyuta yachikasu ili pakona m'chipinda chawo chochezera, nsalu yopeta ili pamwamba, a Donka anaikapo mphika wa duwa losanunkhira. Nthawi zina masana a Trifon amachotsa duwalo n'kuiyatsa. Imagwirabe ntchito. Amatsegula mbali ya a Nevena, n'kumalemba timawu tofotokoza pambali pa mizere imene akuidziwa chifukwa chake. Imene sakuidziwa ndi yambiri, ndipo amaidumpha.